Fupa la M'kamwa Mwanga

Dokotala anandiletsa zinthu zambiri, koma chimene anabwereza mpaka kunditopetsa chinali chimodzi: ndisamine. Ine Raihana, mayi wa imvi zanga, telala wodziwika mu Grey Street, ndinagonekedwa pampando uku akundiphunzitsa za mamina ngati mwana wa ku nasale.

Mano anga a m'mwamba, mbali ya kumanzere, anatha kalekale. Anazulidwa limodzilimodzi, ena kwathu ku Mangochi, ena kuno ku Durban. Ndinayesapo mano ochita kuvala aja, koma anandichititsa manyazi paukwati wina ku Overport pamene anagwera m'mbale ya mpunga anthu akuona. Kuchokera tsiku limenelo mwana wanga Farhana sanandipatsenso mtendere. Iye amagwira ntchito yothandizira dokotala wa mano ku Morningside, ndipo anachonderera abwana ake mpaka anavomera kundithandiza mwachifundo chabe.

Dokotalayo, mayi wa Chimwenye wolankhula ngati akuthamangitsidwa, anandiunika n'kundionetsa chithunzi. Farhana ankamasulira, ngakhale Chingerezi ndimachimva ndithu ndikafuna. Akuti mano atsopano amakhazikika pa tizitsulo timene amakhomera m'fupa la nsagwada. Tsono fupa langa linali litadyeka, latsala lopyapyala ngati chigoba cha dzira, ndipo pamwamba pake pali mphako yolumikizana ndi mphuno. Anayenera kuboola m'mbali, kukweza kachikopa koyala pansi pa mphakoyo, kuthiramo timibulu ta fupa, kenako kusoka. Pakapita miyezi timibuluto timagwirana ndi fupa langa, tizitsulo n'kupeza pogwira.

"Fupa la ndani?" ndinafunsa.

"La ng'ombe, amayi. Loyeretsedwa bwinobwino," anatero Farhana.

"Osati la nkhumba?"

"La ng'ombe."

"Afunse kuti ng'ombeyo anazinga ndani."

Limenelo Farhana sanamasulire.

Anandipanga opaleshoniyo Lachiwiri. Ulusi ndinaupima ndi lilime, ndipo kunena zoona kasokedwe kake sikanali koipa. Kenako kunabwera malamulo. Ndikafuna kuyetsemula, kukamwa kukhale yasa. Potawasa, kusamba kuja timachita tisanapemphere swala, ndisakokere madzi m'mphuno. Ndisawerame, swala ndizipangira pampando. Ndipo koposa zonse ndisamine kwa milungu ingapo, chifukwa mphepo ikakankha mumphako muja kachikopa kakhoza kung'ambika, timibulu n'kumwazika, ntchito yonse n'kupita pachabe.

"Amayi, chonde," anatero Farhana tili panja. "Adokotala andichitira zimene sachitira munthu. Zikawonongeka, sindingakapemphenso kachiwiri. Ndingakayambire pati?"

Ndinamuuza kuti asandione ngati chitsiru. Kodi kusamina ndi ntchito?

Cholakwa cha mwanayu chinali chimodzi. Chifukwa cha chimwemwe anatumiza mawu pafoni kwa azakhali ake, a Asiyatu, mchemwali wa amuna anga, amene amakhala ku Tongaat. Anati: "Amayi awaika fupa m'kamwa, zayenda bwino, muziwapempherera." Ana obadwira kuno Chichewa amachidziwa, koma sadziwa kuti mawu ena akalowa m'khutu la munthu wa kwathu amatuluka atamera mapiko.

Lachisanu m'mawa tsaya linali litatupa mpaka diso, pansi pake pali chikanga chakuda ngati wandimenya munthu. Ndinkangozungulira m'nyumba. Kusoka osasoka chifukwa kumafuna kuwerama, kugona osagona, tiyi wotentha osamwa. Ndili pakati posuntha mipando yosafunika kusuntha, foni inalira. Anali amuna anga, a Yaseen.

"Make Farhana, Maimuna watisiya."

Maimuna anali mkazi mnzanga. A Yaseen anamukwatira ine ndikadali ku Mangochi, ndikudikirira kuti anditumizire yokwerera. Nditafika ndinapeza malo anga muli munthu, mtsikana wa mano oyera okhala ndi kampata pakati, woseka mosabisa. Kuyambira pamenepo iye ku Tongaat, ine mutauni, amuna athu pamsewu. Tinakumanapo pamsika wa nsomba zaka zambiri zapitazo, tinatukwanana mpaka Azulu anatizungulira, ndipo ndinamuuza kuti adzaona. Sindikubweza, iyenso anandiuza zoposa pamenepo. Koma zake anthu anaiwala, zanga anasunga.

"Wadwala chiyani?"

"Shuga uja ndi BP. Anagwa Lachiwiri madzulo, sanadzukenso. Tiika lero lomwe, ikatha swala ya Ijumaa."

Ndinaimbira Farhana kuntchito. Anati ndisapite, ndikapepese bwino kutupa kukaphwa. Ndinamufunsa ngati anamvapo za mkazi wamkulu amene anakhala panyumba mkazi mnzake akuikidwa. Anati ndiye ndisakalire, chifukwa amandidziwa, ndikalira mphuno imatsekeka yonse. Apa ndinaseka, ulusi n'kundikoka.

"Ine kulira Maimuna? Usade nkhawa mwanawe."

Mutekisi ndinakhala pawindo, mpango nditaukokera patsaya, foni nditaizimitsa kuti wina asandiimbire m'Chichewa pakati pa eni dziko. Ulendo wa ku Tongaat si wautali, koma tsiku limenelo sunkatha. Titayandikira, tinapeza akuotcha minda ya nzimbe, utsi utaphimba msewu, timaphulusa takuda tikulowera pawindo. Mphuno inayamba kunyerenyetsa. Ndinalimbana nayo, ndinaitsina, ndinawerenga maina a Mulungu, koma inandigonjetsa. Ndinayetsemula monga anandiuzira dokotala, kukamwa kuli yasa, mpango utandipulumuka.

"Hawu, mama," anatero mayi amene anali pambali panga, akudzipukuta dzanja.

"Uxolo, sisi," ndinapepesa, n'kuyang'ana kunja mpaka potsikira.

Nyumba ya Maimuna ndi ya kuseri kwa nyumba ya eni ake, zipinda ziwiri ndi mpopi panja. Amuna anali atakhala pamakreti pansi pa mtengo wa mango. Akazi anadzaza m'kati, ena pakhonde. Ashehe amatiuza kuti tisabume maliro, koma aliyense amadziwa kuti mkazi akafika pasiwa amalowa ndi misozi, ndipo amene ali m'katimo amamulandira ndi yawo. Ine ndinalowa maso ali gwa. Ndinapereka salamu chapansipansi, n'kukhala pakona.

Kulira kunazilala ngati wina watsitsa wailesi.

Poyamba ndinkati akudabwa tsayali. Ndinalibisa. Kenako ndinamva kunong'ona pambali panga, mawu amodzi okha akubwerezedwa kuchoka pakamwa pena kupita pena. Fupa. Ndinatembenuka n'kukumana maso ndi a Asiyatu, iwo n'kuyang'ana pansi mofulumira. Apo m'pamene ndinazindikira kumene mawu a Farhana anafika. Mkazi wamkulu amuika fupa m'kamwa Lachiwiri, mkazi wamng'ono wagwa Lachiwiri lomwelo, ndipo lero mwini fupa wafika nkhope itatupa, osadontha ngakhale msozi umodzi. Ndikanakhala ine ndikumva za munthu wina, ndikanakhulupirira ndisanamalize kumva.

Ndinapsa mtima, ndipo ndinachita mantha. Za miseche ya akazi ndinalibe nazo ntchito kwenikweni, ndakhala nayo moyo wanga wonse. Amene ankandisautsa anali Shahida, mwana yekhayo wa Maimuna, mtsikana wamkulu ndithu wogwira ntchito kufakitale ya zovala. Anakhala moyang'anizana nane, maso ofiira, osaphethira. Bambo ake ndi amuna anga, Farhana ndi m'bale wake. Mayi ake atapita, mwanayu analibenso wina kuno kupatula ife. Ndipo ankandiyang'ana ngati munthu amene wapha mayi ake.

Ndinalephera kukhazikika. Ndinatuluka kupita pampopi kukatawasa, poganiza kuti madzi andiziziritsa. Ndinasamba m'manja, ndinachukucha mkamwa pang'onopang'ono, mphuno ndinangoipukuta kunja ndi chala chonyowa. Nditamaliza ndinapeza akazi awiri apakhonde akundiyang'ana, ndipo mmodzi anagunda mnzake ndi chigongono. Ngakhale madzi a swala akuwakana, ndi zimene ankauzana. Chilichonse chimene dokotala anandilamula chinasanduka umboni.

Shahida ananditsatira. Anaima patali pang'ono, manja atawabisa mumpango.

"Amayi aakulu, ndifunse nawo."

"Funsa mwanangu."

"Fupa lili m'kamwa mwanulo ndi la ndani?"

"La ng'ombe. Ndi zachipatala, za mano. Ukamufunse m'bale wako."

"Anakuikani liti?"

Yankho ankalidziwa kale.

"Amayi anali bwinobwino Lachiwiri m'mawa," anatero. "Anachapa, anaphika. Eish, ine sindikunena kanthu. Ndikungofunsa."

"Bwera uone wekha," ndinatero, ndikuyamba kuyasamula kuti ndimuonetse ulusi.

Anabwerera m'mbuyo ngati ndikufuna kumulavulira kanthu, n'kuthawira m'nyumba. Ndinatsala pampopi kukamwa kuli pululu. Ndikanatha kulowa n'kuima pakati pa akazi aja kuwafotokozera za mphako ndi kachikopa ndi timibulu. Koma taganizani, maliro ali chigonere m'chipinda, ine n'kumalengeza kuti pepani anzanga, sindikulira chifukwa dokotala wandiletsa kumina. Ndani akanamva zimenezo? Komanso kunyada ndili nako, sindikana. Sindinafune kudzitchinjiriza pamaso pa a Asiyatu.

Ndinazungulira nyumba, ndinabwerera, ndinakhala, ndinadzukanso. A Yaseen anandiona ali pansi pa mango paja n'kuyang'ana kumbali. Mwamuna ameneyu anakwanitsa kusunga akazi awiri, koma sanakwanitsepo kuima pakati pawo.

Nthawi yosambitsa itakwana, kunapezeka kuti nsalu ya nsanda yabwera yathunthu, yosadula, ndipo sizasi ya m'nyumbamo inali yobuntha. Mayi wachikulire amene amatsogolera zosambitsa maliro kumeneko anatuluka n'kufunsa ngati pali telala. Akazi onse anayang'ana pansi. Matelala analipo atatu kapena anayi, koma amene amayenda ndi sizasi m'chikwama ndine ndekha.

"Ndilipo," ndinatero.

"Iwowa alowe?" anafunsa a Asiyatu, osandiyang'ana.

"Nsanda ilibe mwini," anayankha mayi uja. "Lowani mayi, nthawi yatha."

Ndinalowa. Ndinadula nsalu ndili chiimire, nditaiyala pamsana pa mpando kuti ndisawerame, maso anga ali pa sizasi basi. Thupi linali pakama, lofunditsidwa. Sindinafune kuliona. Ndinkati ndidule, ndipereke, ndituluke, ndikakwere tekisi. Koma atamaliza kusambitsa, mayi uja anati kansalu komangira chibwano kanyowa, nding'ambe kena. Ndinang'amba. Anati manja ake ali ndi sopo, ndimange ndine.

Umu ndi mmene ndinaonera nkhope ya Maimuna pafupi, koyamba chichokereni pamsika wa nsomba paja.

Kukamwa kunali kotseguka pang'ono. Ndinaika dzanja pansi pa chibwano kuti nditseke, ndipo ndinaona m'kati. Mano aja kunalibe. Kampata kaja, kamene ndinkakalota usiku ndili ndi ukali, kamene ndinkati ndi kamene kanandilanda mwamuna, kanali katasanduka chibwanja. M'mwamba munatsala mano awiri okha, ogwedera, nkhama zitafota. Masaya anali atalowa m'kati. M'mutu munali imvi zambiri kuposa zanga.

Zaka zonsezi ndinkadana ndi mtsikana. Ndikabisa kukamwa kwanga ndi dzanja pamaso pa anthu, ndinkaganiza za iye akuseka ku Tongaat ndi mano ake onse. Ngakhale pampando wa dokotala paja, akundiboola fupa, mumtima ndinkati tidzaonane pa Idi ikubwerayi, adzandione ndikuseka. Osadziwa kuti nayenso ankatafunira mbali imodzi, nayenso ankabisa kukamwa, ndipo iye analibe mwana wogwira ntchito ku Morningside. Mdani wanga anakalamba osandiuza. Tinakalambira limodzi, mwamuna mmodzi, dziko la eni limodzi, ndipo panalibe munthu wina padziko amene akanamvetsa moyo wanga kuposa iyeyu.

Ndinamanga kansalu kaja bwinobwino, mfundo pamwamba pa mutu, osathina kwambiri. Pamaliro osambitsidwa sadonthezerapo misozi, choncho ndinaigwira mpaka pakhomo la chipinda. Nditangoponda pabalaza pamene panali akazi aja, misozi ija inandipulumuka.

Sindinalire mwaulemu. Ndinakhala pansi n'kubuma kukamwa kuli yasa, ulusi wakuda ndi chibwanja changa zili poyera, mpango utagwera kumbuyo. Ndinaitana dzina lake, limene sindinalitchulepo pamaso pa anthu popanda chitukwano pambuyo pake. Ndinamufunsa kuti wamusiyira yani mwamuna wakeyu. Ndinamva chisoni chenicheni, cholemera, ndipo ndinachita nacho manyazi chifukwa chinabwera mochedwa.

Mphuno inatseka monga ananenera Farhana. Mamina anayamba kutsika, kudutsa pamilomo, kufika pachibwano, kudonthera pachifuwa. Ndinkapumira m'kamwa ngati nkhuku ya ludzu. Dzanja linanyamuka lokha ndi nsonga ya chitenje, ndinalibweza. Linanyamukanso, ndinalikhalira. Tsaya linkagunda, ndipo pakati pa kulira konseko kamutu kena kankandikumbutsabe kuti usayerekeze, Raihana, usayerekeze.

Akazi aja anayambanso kulira, tsopano pamodzi nane. Wina anandisisita pamsana. Koma ine ndinkafuna munthu mmodzi, ndipo m'misozimo sindinkamuona.

Ndinangomva mawondo akugunda pansi patsogolo panga. Anali Shahida. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope yanga yotupa, yonyowa, yonyansa. Kenako anamasula mpango wake woyera wa m'khosi, anaupinda, anandipukuta chibwano ndi milomo pang'onopang'ono. Atatero anauika pamphuno panga n'kugwira ndi zala ziwiri, dzanja lina atandigwira kunkhongo, monga tichitira ndi mwana wamng'ono.

"Minani, amayi," anatero.

Sanati amayi aakulu.

Iye za lamulo la dokotala sankazidziwa, sindinamuuze. Chimene ankadziwa n'chakuti watambasula dzanja kwa munthu amene m'mawa womwewo ankamuyesa mfiti, pamaso pa azakhali ake ndi akazi onse a ku Tongaat. Ndikanatembenuza nkhope, ngakhale pang'ono pokha, ngakhale ndi mawu okoma otani, dzanja limenelo silikanabweranso.

Pamwamba pa phewa lake ndinaona Farhana. Anali atangofika, akadali mu yunifolomu yake yabuluu, ataima pakhomo nsapato zili m'manja. Anaona mpango, anaona zala za m'bale wake pamphuno panga. Anapukusa mutu pang'onopang'ono, maso akundichonderera. Ndinaganiza za mmene anapemphera kwa abwana ake, za mmene adzaimire pamaso pawo Lolemba. Ndinamumvera chisoni mwana wanga, ndipo ndinadziwa kuti adzandikwiyira nthawi yaitali.

Ndinamina.

Pansi pa diso panamveka kuthetheka kwakung'ono, ngati ulusi waduka pamakina, kenako kutentha kunayenderera m'tsaya monse. M'kamwa munabwera kukoma kwa magazi ndi timchenga tolumika pakati pa mano. Shahida atachotsa mpango, panali banga lofiira. Analiyang'ana, n'kundiyang'ana ine mwamantha.

"Ndakupwetekani?"

"Ayi mwanangu. Wandithandiza."

Farhana anatembenuka n'kutuluka panja. Sindinamutsatire, chifukwa Shahida anali atagwetsa kale mutu wake pachifuwa panga, akulira mayi ake mokweza koyamba tsiku limenelo, chipumi chake chikundigunda patsaya lotupa lija. Ndinameza magaziwo n'kumugwira zolimba, ndipo tinakhala choncho mpaka amuna analowa kudzanyamula maliro pa jeneza.